Kupopera Penti pa Mipando M'galaja Yaing'ono

Mipando, makabati ndi zitseko zimene zimagulitsidwa m'masitolo akuluakulu zimaoneka zosalala ndi zowala mofanana paliponse chifukwa penti kapena vanishi wake sapakidwa ndi burashi koma amapoperedwa ndi mpweya. Akalipentala ambiri amene amagwirira ntchito m'magalaja a pakhomo ndi m'mashedi a m'mbali mwa misewu amafuna kuti katundu wawo azioneka motero, popeza wogula amayamba wakopeka ndi kuwala kwa tebulo asanayese kulimba kwa miyendo yake, ndipo n'chifukwa chake ambiri amathamangira kugula chipangizo chopopera akangopeza kangachepe. Komabe chipangizocho ndi mbali yochepa chabe ya ntchitoyi, pakuti chimene chimakongoletsa kapena kuwononga thabwa ndi mpweya. Mpweyawo ndi umene umanyamula penti kukamufikitsa pa thabwa, ndi womwewo umene umabweretsa fumbi ndi chinyezi pa penti wosauma, ndipo ndi womwewonso umene umalowetsa nthunzi ya mankhwala m'mapapo a mmisiri ndi a banja lake. M'mafakitale muli zipinda zomangidwa mwapadera kuti ziziyendetsa mpweya umenewu, koma m'galaja yaing'ono, imene kawirikawiri imagundizana ndi nyumba yogonamo, mmisiri amayenera kuuyendetsa yekha ndi zipangizo zochepa.

Kumene lusoli linachokera

Kupopera penti kunayambira ku United States chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mu 1887 Joseph Binks, amene ankayang'anira ntchito yosamalira nyumba za sitolo yaikulu ya Marshall Field mumzinda wa Chicago, anapanga makina opopera njereza pa makoma a zipinda zapansi za sitoloyo pofuna kuchepetsa nthawi imene antchito ankataya popaka ndi maburashi. Chaka chotsatira, mu 1888, dokotala Allen DeVilbiss wa mumzinda wa Toledo m'chigawo cha Ohio anapanga kachipangizo kopopera mankhwala kukhosi kwa odwala, ndipo mu 1907 mwana wake Thomas anakulitsa nzeru yomweyo n'kupanga chopopera penti chogwira m'manja, chimene mafakitale a mipando anachilandira msanga. Lusoli linafala kwambiri m'zaka za m'ma 1920 pamene kampani ya DuPont inatulutsa penti wouma mofulumira wotchedwa Duco, amene anathandiza mafakitale a magalimoto kumaliza m'maola ochepa ntchito imene kale inkadya milungu. Penti ameneyo ankauma msanga kwambiri moti burashi sikanatha kumusalaza, choncho iye ndi chopopera anakula limodzi. Mu 1949 Edward Seymour wa ku Sycamore m'chigawo cha Illinois anaika penti m'chitini chopopera chokha, chimene lero chimathandiza pa zinthu zing'onozing'ono monga mafelemu a zithunzi, ngakhale kuti chimaboola m'thumba chikagwiritsidwa ntchito pa kabati yathunthu.

Mmene chopopera chimagwirira ntchito

Chopopera, chimene amisiri amachitcha spray gun, chili ndi kachitini kothiramo penti, kabowo kotulukira pentiyo, singano imene imatseka ndi kutsegula kabowoko pamene mmisiri akukoka kachitsulo ka pa chogwirira, ndiponso kachivundikiro ka kutsogolo kokhala ndi timabowo totulutsa mpweya. Mpweya wothamanga wochokera m'timabowo ta pakati umamwaza penti kukhala timadontho ting'onoting'ono, pamene wochokera m'timabowo ta m'mbali umapanikiza timadonthoto kuti tituluke motambasuka osati mozungulira. Timadonthoti tikagwera pa thabwa tisanaume timalumikizana n'kukhala kakhungu kamodzi kosalala, kotero luso lonse lagona pa kutifikitsa pa thabwa tili tonyowa mokwanira kuti tilumikizane koma tisanachuluke mpaka kuyamba kuyenderera.

Zopopera za mtundu wakale zimagwiritsa ntchito mpweya wamphamvu kwambiri, moti nthawi zambiri penti wopitirira theka amanjanja pa thabwa n'kuuluka ngati nkhungu yodzaza chipinda chonse. Mtundu wina wotchedwa HVLP umagwiritsa ntchito mpweya wochuluka koma wofatsa, umene mphamvu yake pa kachivundikiro ka kutsogolo sipitirira 0.7 bar, ndipo umapangidwa kuti magawo pafupifupi 65 pa 100 alionse a penti azikhala pa thabwa. Kwa munthu wogwirira ntchito m'galaja yothina kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa penti amene sanafike pa thabwa ndi ndalama yotayika, ndipo ndi yemweyo amene amagwera pa zipangizo zina ndi kulowa m'chifuwa.

Mpweya umachokera ku kompuresa, makina amene amaupanikiza n'kuusunga m'thanki, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokera pogula, chifukwa amayang'ana kukula kwa thanki m'malo moyang'ana malita a mpweya amene makinawo amatulutsa pa mphindi iliyonse. Zopopera zambiri za HVLP zimafuna malita 250 kapena kuposerapo pa mphindi, pamene kompuresa yaing'ono ya thanki ya malita 24 kapena 50 kawirikawiri siikwanitsa mlingo umenewo kwa nthawi yaitali, kotero mpweya umafooka mmisiri ali pakati pa chitseko ndipo penti amayamba kutuluka m'madontho akuluakulu. Amene ali ndi kompuresa yotere amapindula akasankha chopopera chofuna mpweya wochepa, chotchedwa LVLP, kapena akamapopera tizigawo ting'onoting'ono n'kumadikira kuti thanki idzaze. Vuto lina ndi madzi, pakuti mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo ukazizira m'thanki chinyezi chake chimasanduka madzi amene amayenda m'paipi n'kukalavulidwa pa penti. N'chifukwa chake thanki iyenera kutsegulidwa pansi tsiku lililonse kuti madzi atuluke, zimenenso zimaiteteza ku dzimbiri, ndipo pafupi ndi chopopera pamaikidwa sefa yogwira madzi ndi mafuta.

Kukonza thabwa

Penti wopopera sabisa chilema chilichonse cha thabwa, m'malo mwake amachionetsa bwino chifukwa ndi wopyapyala ndi wowala. Thabwa liyenera kukhala louma, ndipo pa mipando ya m'nyumba chinyezi chake chisapitirire kwenikweni magawo 12 pa 100, popeza thabwa laliwisi limafota likamauma n'kung'amba penti wake. Kukwecha kumayamba ndi sandipepala wokhakhala wa nambala 120, kenako 180, n'kumalizira ndi 220, nthawi zonse motsatira mizere ya thabwa, chifukwa zokala zopingasa zimaonekera poyera vanishi akangogwerapo.

Mitengo nayonso imasiyana kalandiridwe ka penti. Paini, wonga amene amachekedwa m'nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, ndi wofewa, amamwa mosafanana, ndipo mfundo zake zimatulutsa utomoni umene umaboola penti woyera n'kusiya mabanga achikasu patapita miyezi. Mfundo zimenezi zimatsekedwa ndi shellac, amene ndi utomoni wopangidwa ndi tizilombo tina ta m'mitengo ya ku India ndi ku Thailand ndipo amasungunulidwa ndi spiriti. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yolimbirapo ya maonekedwe okongola amene sayenera kukwiriridwa ndi penti wa mtundu, koma ili ndi timabowo tambiri pamwamba pake, ndipo vanishi amamira m'timabowomo n'kusiya thabwa lili ndi timaenje. Pofuna kuti likhale losalala, mmisiri amayamba wapopera sanding sealer, amene ndi vanishi woyambira wouma msanga ndi wosavuta kukwecha, kenako amakwecha ndi sandipepala wosalala wa nambala 320, ndipo amabwereza mpaka timabowo titadzaza.

Kusankha ndi kusungunula penti

Zopaka zimene akalipentala amapopera zili m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi lacquer, mbadwa ya Duco uja, amene amauma m'mphindi zochepa chifukwa mankhwala omusungunulira amauluka msanga, ndipo ubwino wake ndi wakuti fumbi silipeza nthawi yomatirira, koma nthunzi yake imayaka mosavuta kwambiri. Gulu lachiwiri ndi penti ndi vanishi wamafuta, amene amalimba bwino koma amakhala wonyowa kwa maola ambiri, ndipo nthawi yonseyo amakola chilichonse chouluka. Gulu lachitatu ndi penti ndi vanishi wamadzi, amene fungo lake n'lochepa ndipo nthunzi yake siyaka mosavuta, ngakhale kuti amadzutsa tiubweya ta thabwa pa kupopera koyamba, timene timachotsedwa pokwecha pang'ono. Gulu lachinayi ndi penti wosakaniza ziwiri, wotchedwa 2K, amene amathiridwa mankhwala olimbitsa asanapoperedwe, ndipo ngakhale kuti ndiye wolimba koposa, ndiyenso woopsa koposa pa thanzi.

Penti wochokera m'chitini kawirikawiri amakhala wolemera kwambiri moti sangamwazike bwino, choncho amasungunulidwa ndi thinner, kapena ndi madzi ngati ndi wamadzi, motsatira mlingo wolembedwa pa chitini. Mtundu uliwonse uli ndi chosungunulira chake, ndipo petulo kapena parafini, amene ena amathira pofuna kupulumutsa ndalama, amawononga kaumidwe ka penti ndi kuwonjezera ngozi ya moto. Kabowo ka chopopera kayenera kugwirizana ndi kulemera kwa pentiyo, kotero vanishi wopepuka amafuna kabowo ka mamilimita 1.3 mpaka 1.5, pamene penti woyambira ndi penti wamadzi wolemera amafuna ka mamilimita 1.8 mpaka 2.0. Asanathiridwe m'kachitini, penti amasefedwa kuti timibulu tisatseke kabowo, ndipo mmisiri amayesa kaye pa katoni, n'kumasintha mpweya ndi penti mpaka chimene chikutuluka chikhale chofanana kuyambira kumwamba mpaka kunsi.

Kayendetsedwe ka mkono

Chopopera chimagwiridwa pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa thabwa, chitalunjika ndendende, ndipo chimayendetsedwa ndi mkono wonse osati popinda dzanja, chifukwa dzanja likamapinda chopopera chimayandikira pakati n'kutalikira kumapeto, kotero pakati pamachuluka penti pamene m'mbali muli mouma. Kachitsulo kamakokedwa chopopera chisanafike pa thabwa ndipo kamasiyidwa chitadutsa kumapeto kwake, kuti penti asaunjikane poyambira ndi pothera. Mzere uliwonse umakwirira theka la mzere wapitawo, m'mphepete ndi m'makona mumayambidwa malo otambasuka asanapoperedwe, ndipo m'kati mwa kabati mumapoperedwa thabwa lakumbuyo lisanakhomedwe kuti nkhungu ipeze potulukira m'malo mobwerera kumaso kwa mmisiri. Zitseko ndi mashelefu zimagonekedwa pa timitengo ngati malo alipo, popeza penti sayenderera pa thabwa logona. Kupopera mopyapyala katatu, n'kumakwecha pang'ono pakati, kumapereka khungu lolimba ndi lokongola kuposa kuthira penti wambiri kamodzi.

Zilema zimene zimaoneka pa penti zimaulula zokha chimene chalakwika. Penti akayenderera ndiye kuti chopopera chinayandikira kwambiri, mkono unachedwa, kapena chosungunulira chinachuluka. Akauma ali ndi timabampu tonga khungu la lalanje ndiye kuti anali wolemera kapena mpweya unali wochepa, moti timadontho sitinalumikizane. Akamveka wokhakhala pomukhudza ndiye kuti chopopera chinatalikira ndipo timadontho tinaumira m'njira. Timaenje tozungulira timene penti amathawapo timayamba chifukwa cha mafuta ochokera m'kompuresa, m'manja kapena ku polishi wakale wokhala ndi silicone, ndipo sitichoka pongopoperanso mpaka thabwa litatsukidwa ndi kukwechedwa.

Fumbi ndi nyengo

Vuto lalikulu la galaja yaing'ono ndi lakuti malo ochekera ndi okwechera matabwa ndi omwewonso opopera, pamene utuchi wosalala umakhala ukuyandama mumpweya kwa nthawi yaitali makina atazimitsidwa. Njira yodalirika ndiyo kusiyanitsa ntchito ziwirizi ndi nthawi, kotero kukwecha ndi kusesa kumachitika dzulo lake, fumbi limakhazikika usiku, ndipo m'mawa pansi pamawazidwa madzi pang'ono kuti mapazi asalidzutse. Mbali imodzi ya galaja imatchingidwa ndi mapepala a pulasitiki kuyambira kudenga mpaka pansi, ndipo thabwa limapukutidwa ndi kansalu koyera kosathothoka nthawi yomweyo lisanapoperedwe. Kuwala kochokera m'mbali kumathandiza mmisiri kuona kunyezimira kwa penti wonyowa, kumene ndi chizindikiro chomuuza ngati wathira wokwanira.

Penti ambiri amauma bwino pa kutentha kwa madigiri 18 mpaka 25 ndiponso pamene mpweya suli wachinyezi kwambiri. M'Malawi miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala imabweretsa mphepo ya fumbi ndi kutentha kumene kumaumitsa timadontho tisanafike pa thabwa, choncho nthawi yabwino yopopera imakhala m'mawa mphepo isanayambe. M'nyengo ya dzinja, komanso m'masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, vuto limakhala chinyezi. Thinner akamauluka mofulumira amaziziritsa thabwa, chinyezi cha mumpweya chimasanduka timadontho ta madzi pa lacquer wosauma, ndipo vanishi amene amayenera kuonekera mkati amachita mbuu. Mankhwala otchedwa retarder, amene amachedwetsa kuuma kuti madziwo apeze nthawi yotuluka, amathandiza, koma njira yosalira ndalama ndiyo kudikira tsiku louma.

Moto ndi thanzi

Thinner amakhala ndi mankhwala monga toluene ndi xylene, amene nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya wamba, kotero siikwera kudenga koma imayenda pansi, kudutsa kunsi kwa chitseko mpaka kukafika pa mbaula imene ili m'chipinda china. Toluene amatulutsa nthunzi yokhoza kuyaka ngakhale pa madigiri 4, ndipo nthunziyo ikangofika pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a mpweya wa m'chipinda, kamoto kakang'ono kochokera pa switchi, pa injini ya kompuresa, pa fodya kapena pa jenereta n'kokwanira kuyatsa galaja yonse. Pa chifukwa chimenechi kompuresa imaikidwa kunja, chitseko cholowera m'nyumba chimatsekedwa ndi kumatidwa m'mphepete, ndipo mpweya umapatsidwa njira yowongoka yolowera mbali imodzi ndi kutulukira mbali inayo chapansi, kutali ndi khitchini ndi mazenera a anansi. Fani wamba sayenera kuikidwa potulukira nthunzi yoyaka chifukwa injini yake imatha kuthetheka, koma aikidwe polowera kuti azikankha mpweya wabwino kuchokera kumbuyo kwa mmisiri. Nsanza zonyowa ndi vanishi wamafuta, makamaka wokhala ndi mafuta a linseed, zimatentha zokha zikaunjikidwa mpaka kubuka moto, choncho zimayanikidwa panja imodziimodzi kapena kumizidwa m'chitini cha madzi.

Zimene zimalowa m'thupi la wopopera ndi ziwiri, timadontho ta penti ndi nthunzi ya mankhwala, ndipo kansalu komanga pamphuno kapena chophimba cha pepala sichitchinga nthunzi ngakhale pang'ono. Chofunika ndi chophimba cha labala chokhala ndi timabokosi ta makala apadera amene amayamwa nthunziyo, timene pa muyezo wa ku Ulaya timadziwika ndi chilembo A ndi mzere wa bulauni, pamodzi ndi sefa ya timadontho ya P2 kapena P3. Makalawo amakhuta, choncho amasinthidwa pafupipafupi ndi kusungidwa m'thumba lotseka, ndipo ndevu zimalepheretsa chophimba kugwira bwino nkhope. Mutu, chizungulire ndi nseru ndi zizindikiro zakuti nthunzi yachuluka, ndipo kuipuma kwa zaka kumawononga mitsempha, chiwindi ndi impso. Pali chikhulupiriro chofala chakuti kumwa mkaka ukaweruka kumatsuka pentiyo m'chifuwa, koma mkaka umapita m'mimba pamene nthunzi imalowa m'mapapo ndi m'magazi, kotero suteteza chilichonse. Penti wa 2K ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene ali m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa kwambiri mphumu yobwera chifukwa cha ntchito, ndipo munthu akayamba kudana nawo amabanika ngakhale atapuma ochepa kwambiri. Penti ameneyu amafuna chophimba cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi komanso chipinda chomangidwira ntchitoyo, kotero galaja ya pakhomo si malo ake.

Ngozi ina ndi mtovu, umene wakhala ukuthiridwa m'mapenti ena amafuta, makamaka achikasu ndi ofiira, pofuna kukometsa mtundu ndi kufulumizitsa kuuma. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo ana ndiwo amavulala kwambiri chifukwa umasokoneza kakulidwe ka ubongo, n'chifukwa chake mayiko amalimbikitsidwa kuti mtovu m'penti usapitirire magawo 90 pa miliyoni. Mmisiri wopanga mabedi a ana, madesiki a sukulu ndi zoseweretsa ayenera kusankha penti wolembedwa kuti alibe mtovu, ndipo pokonzanso mipando yakale apewe kukwecha penti wake mouma pamalo amene ana amasewera. Zotsala za thinner wotsukira chopopera sizitayidwa m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, koma zimasungidwa m'chitini chotseka kuti penti akhazikike pansi ndipo woyera wa pamwamba agwiritsidwenso ntchito potsuka.

Kusankha koyenera

Zonsezi zikusonyeza kuti malo ndiwo ayenera kusankha penti, ndipo mmisiri wanzeru amayamba wayang'ana galaja yake asanapite ku sitolo. Galaja yogundizana ndi nyumba, yokhala ndi zenera limodzi, imayenerana ndi penti wamadzi wopopera ndi HVLP kapena LVLP, ndipo ngakhale pamenepo chophimba kumaso chimafunikabe. Lacquer amayenera shedi ya payokha yodutsa mphepo, kutali ndi moto uliwonse, pamene katundu wofuna 2K ndi bwino kumupititsa kwa amene ali ndi chipinda choyenera n'kuika mtengo wake pa mtengo wa kabatiyo. Pa mipando ya timiyendo tambiri, pamene penti wochuluka amangodutsa m'mipata, burashi yabwino kapena kansalu kopakira vanishi wosungunula kamapereka ntchito yokongola mosataya zambiri. Amene ali ndi achinyamata ophunzira ntchito m'galaja yake ali ndi udindo wapadera, chifukwa kawirikawiri achinyamatawo ndiwo amapatsidwa ntchito yokwecha ndi yotsuka chopopera, ndipo chitetezo chimene aphunzitsidwa m'chaka choyamba ndicho adzachitsatire pamene adzatsegule malo awoawo.